Tsiku limene Esinati anakhala kutsogolo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 pa sukulu ina ya kufupi ndi Mbulumbuzi. M'kalasi mwathu munali lamulo loti wokhoza mayeso azikhala kutsogolo, wolephera kumbuyo. Ine ndinkakhala mzere woyamba, ndipo kudzimva kwake sikunali kwamasewera.

Esinati, mnzanga wa m'mudzi mwathu, ankakhala kukhoma kwenikweni. Malungo aakulu anamuwononga makutu ali wamng'ono, moti ankamva bwino pokhapokha akamayang'ana milomo ya wolankhula. Kumbuyo kuja milomo ya aphunzitsi sankaiona. Ankalephera chifukwa chokhala kumbuyo, n'kumakhalabe kumbuyo chifukwa cholephera. Mayi ake anali atanena kale kuti akalepheranso, basi, azikawathandiza kumunda.

Lolemba lina tinauzidwa kuti kukubwera alendo ochokera ku Boma, odzaona ngati ana olumala akuphunzira bwino limodzi ndi anzawo. Tinasesa, tinawaza madzi pabwalo, miyala ya m'mbali mwa njira tinaipaka laimu. M'mawa wa tsiku la alendowo aphunzitsi athu anagwira Esinati padzanja n'kumukhazika pambali panga.

Tsiku limenelo aphunzitsi ankalankhula pang'onopang'ono, atatembenukira kwa ife osati kubolodi. Atafunsa samu yogawa, ndinaona dzanja la Esinati likukwera. Anakhoza. Ine wanzerune ndinali ndisanamalize n'komwe kuwerengera.

Potuluka, mayi mmodzi mwa alendowo, amene ananyamula pepala lochongapo, anawerama n'kundifunsa motsitsa mawu: "Mwanawe, mnzakoyu amakhala pompano masiku onse?"

Ndinayang'ana aphunzitsi. Anali chiimire pakhomo akumwetulira, koma maso ali pa ine.

"Eya, madamu, masiku onse."

Mayi aja anachonga. Esinati anali akuyang'ana milomo yanga, ndipo anamva zonse.

M'mawa mwake tisanakhale n'komwe pansi, aphunzitsi anati, "Aliyense pamalo pake!" Esinati anatola kajumbo kake ka makope n'kubwerera kukhoma. Poweruka, tikudutsa m'minda ya nandolo, anandikoka diresi.

"Iwe Mada, unawanamiziranji amayi aja?"

Ndinangopitiriza kuyenda. Teremu imeneyo analephera, ndipo sanabwererenso kusukulu.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinali mwana, kuti ndikananena zoona ndikanakwapulidwa popanda chosintha. Mwina n'zoona. Koma zimandipwetekabe mpaka lero. Tsopano ndikudziwa kuti sukulu sidziwika pa tsiku la alendo, ndipo pa mafunso onse amene anafunsidwa tsiku lija, limodzi lokha ndi limene likanamusiya Esinati kutsogolo. Funso limenelo linagwera ine.

Masiku ano ndimamupeza pamsika wa Mbulumbuzi akugulitsa tomato. Ndikamamupatsa moni amayang'anitsitsa milomo yanga monga kale, ndipo ine ndimayang'ana tomatoyo.