Mawu a achimwene pa wailesi Lachisanu lija

Ine zouzidwa sindikhulupirira. Ndakhalitsa padziko pano, ndaona munthu akukupatsa moni maso ali pa nkhokwe yako. Chomwe ndinkadalira ndi makutu anga, ndipo ndi makutu omwewo amene ndinkadziwira kuti achimwene anga ali moyo.

Tinabadwa awiri, ku Ntaja. Iwo anatsala konko, Msilamu wosajomba ku mzikiti, ine ndinatengedwa chitengwa ndi mwamuna wa Chikatolika kuno kwa Nsamala. Mwamunayo anatisiya kalekale, ndinatsala ndi mwana wanga wamkazi womaliza ndi tiana take. Miyendo itayamba kukana maulendo, ine ndi achimwene tinkatha chaka osaonana. Koma m'mawa uliwonse ndinkawamva.

Kuli kawailesi ka m'dera lathu lino kamene kamalola anthu kuimba foni dzuwa likangotuluka, aliyense anene chomwe chamuwawa. Oimba ambiri ndinkawadziwa mitima yawo. Wina ankatamanda aphungu chifukwa mkazi wake analowetsedwa mu komiti. Wina ankalira za mjigo wofa pomwe ndi mphwake yemwe anaba zitsulo zake. Ndinkamvera ndikusesa, n'kumawayankha ndekha kuti, "Nama, tikukudziwa." Kenaka pankabwera mawu osasa aja a achimwene.

"Salamu aleikumu, mwana wanga."

"Aleikumu salamu. Eee, mkulu wa pa Ntaja!" ankatero muulutsi, mnyamata wa pakamwa pakuthwa. "Lero mwamwa tiyi, kapena mwangoyamba ndi ndewu?"

"Tiyi ndimwere chiyani? Shuga yense ali kwa aphungu."

"Nanga mlatho wanu uja?"

"Ulipo, koma uli m'kamwa mwawo. Mvula ikabwera tidzawolokera pa lilime lawolo."

Akamaliza za mlatho ankayamba za nyimbo. Ankati anyamata a masiku ano akuimba ndi makina, ng'oma mulibe, mawu ngati mbuzi yopanidwa pa chitseko. "Ikani sikiri, ikani manganje, anthu adziwe kuti kuno kuli eni ake." Muulutsi ankaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinkaimika tsache n'kumvetsera mpweya wawo. Ngati atsokomola ndinkadziwa kuti chifuwa chabwerera. Ngati akalipa kwambiri ndinkati basi, agona bwino.

Alamu anga, mkazi wa achimwene, ndi amene anandiphunzitsa kusathamangira uthenga. Chaka china anatumiza mawu kuti bwerani msanga, achimwene anu kwangotsala mpweya. Ndinasiya chimanga pamphasa, ulendo. Ndinakawapeza achimwene ali pansi pa mtengo wa mango akumata chubu cha njinga. Nkhani inali yakuti mwana wawo wathawa ku banja, amafuna ine ndikamulankhule. Ulendo winanso unali wa matenda omwewo, ndinakapeza miphika ya sadaka ikudikira wophika. Nditadandaula, alamu anangoti, "Tikanena zoona simubwera." Ndinazisunga mumtima.

Ndiye Lachinayi lina madzulo, mvula yoyamba itagwa, foni ya mwana wanga inalira. Anandipatsira, nati ndi a ku Ntaja.

"Alamu, bwerani. Achimwene anu sakudya, sakudzuka."

"Kuyambira liti?"

"Sabata ino yonse."

"Sabata ino yonse? Nanga mukundiuza lero bwanji?"

"Ankatikaniza. Lero ndi amene atchula dzina lanu."

Ndinaganiza ndithu. Zinali zoona kuti masiku angapo sindinawamve pa wailesi, koma ankatero nthawi zina, mayunitsi akawathera. Ndinayankha kuti ndiona kukacha. Ndinamanga kachitenje kanga, ndinaika sopo ndi mpango, n'kuuza mwana wanga kuti ngati mawa sindiwamva, ndinyamuka ndi minibasi yoyamba.

Kutacha ndinatsekula wailesi ndisanasambe n'komwe kumaso. Anaimba wa mjigo uja. Anaimba mayi wina wa ku Nsanama za zinyalala za mumsika. Kenaka:

"Salamu aleikumu, mwana wanga."

Mawu amphamvu, opanda n'chifuwa chomwe. Anakalipira mavenda ogula nandolo, kuti masikelo awo ali ndi njala kuposa eni ake. Anaseka, muulutsi naye anaseka. Ndinaitana mwana wanga.

"Tamvera wodwala uja. Ameneyu ndiye sakudzuka?"

"Komabe amayi, pitani. Azakhali aja mawu awo dzulo sanali bwino."

"Iyayi. Mawu amapangidwa. Akufuna ndikawadzalire mtedza."

Ndinamasula kachitenje kaja, ndinatenga khasu ndi mbewu, ulendo kumunda. Ndinkadzala mtima uli mbee, mwinanso ndikung'ung'udza nyimbo. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, ndinaona mwana wanga akubwera modutsa m'mizere, osatsata njira, mpango uli m'manja. Munthu sadutsa m'munda mwa amake chomwecho. Ndinakhala pansi asanafike.

Kwathu kwa Asilamu maliro sagona. Munthu akapita m'mawa, makamaka Lachisanu, amamusambitsa, amamukulunga mu nsalu yoyera, akatuluka mu mzikiti masana amamunyamula. Ndinkadziwa zimenezi kuyambira ndili mwana, choncho panjira ponse ndinkangoyang'ana dzuwa. Pa Liwonde minibasi inakana kunyamuka isanadzaze. Pa Nsanama inaimanso, akukweza matumba, kondakitala akukangana ndi mayi wina za nkhuku. Ndinati, "Bambo, ndili ndi maliro." Anati, "Pepani agogo, tonse tili ndi kothamangira."

Ndinafika abambo atabwerako kale kumanda, akusamba m'manja pa bwalo. Ife amayi kumanda sitipitako. Ndiye nkhope ya achimwene sindinaione, dothi la pamanda pawonso sindinalione. Anangondilozera ndi chala kuti ndi cha uko, kuseri kwa mibawa.

Za wailesi ndinazimva tsiku lomwelo kwa mphunzitsi wina woyandikana nawo nyumba. Anati muulutsi uja anapita kukatola nkhani ku msonkhano wa chipani, ndiye kuti pasakhale zii, anzake anangoika pologalamu yakale yomwe anajambula. Amatero kawirikawiri, akuti. Palibe ananena kuti izi n'zobwereza. Mphunzitsiyo akulankhula, m'mutu mwanga munabwera nandolo uja. Nandolo tinagulitsa kalekale, mvula isanaganize n'komwe zobwera. Ine amene ndimagwira munthu bodza ndi liwu limodzi, ndinamva achimwene akukalipira masikelo mu nyengo yodzala, osadabwa. Ndinangomva kuti akupuma bwino.

Anthu anandiuza kuti ndiimbe ku wailesiko ndiwakalipire. Ndikalipire ndani? Sabata yotsatira muulutsi anapepesa omvera kuti mkulu wa pa Ntaja watisiya, anaika sikiri, oimba foni anatamanda malemu, ngakhale aja ankatukwanizana nawo. Wa aphungu uja ndiye analira kuposa onse. Ndinamumvera bwinobwino. Misozi ya pa foni sioneka.

Ndinakhala ku Ntaja masiku angapo, ndikugona chipinda chimodzi ndi alamu. Tsiku lina tikusankha mpunga pakhonde, ndinawafunsa kuti achimwene anapita nthawi yanji.

"Dzuwa litakwera ndithu. Ana a sukulu anali atalowa kale."

Minibasi yoyamba ikanandifikitsa.

"Ananena chiyani?"

"Anati tsekulani chitseko, mchemwali wanga akafika asavutike kugogoda. Tinatsekula. Ankangoyang'ana pakhomopo."

Mawa lake ndinafunsanso tili ku mjigo, ngati ndaiwala. Ndinadzafunsanso tsiku lonyamuka, atandiperekeza pa siteji, ndinasintha kafunsidwe kuti ndione ngati apunthwa. Wonama amawonjezera mchere, lero anena izi, mawa izo. Ndinkafuna apunthwe. Ndinkafuna ndipeze kuti anangopeka kuti andipweteke, kuti achimwene anapita ali mtulo osadikira munthu.

Alamu anandiyang'ana, maso ofiira, n'kubwereza mawu omwe aja, osawonjezera, osachotsera.