Ndimu ndi Foto ya pa Bilyete

Nditamaliza desima, kalasi ya khumi ija, ndinafunika kukapangitsa bilyete, chiphaso chija cha boma. Foto ya pamenepo umayenda nayo zaka ndi zaka, ndiye mtsikana ngati ine sindikanalola kutuluka ngati chinyau. Koma ziphuphu zinali zitandimera kumaso ngati chimanga cha m'dimba. Mbuzi zikandiona zinkasiya kudya.

Msuweni wanga wina, amene anagonako masiku awiri kumalire ku Cassacatiza n'kubwerako ngati dotolo, anandipeza ndikukwecha poto ndi ndimu.

"Iwe, taona mmene wawalira potoyo. Ndiye nkhope yakoyo ingakanike? Ndi yolimba kuposa poto?"

Ndinaona kuti ndi nzeru. M'mawa uliwonse ndinkadula ndimu, kutikita kumaso mpaka misozi, kenako khasu paphewa, ulendo kokapalira. Dzuwa la kwathu ku Mualadzi limaphika dzira likadali m'mimba mwa nkhuku.

Pofika tsiku lachisanu nkhope inali itatupa, ikunyenyeka, mawanga akuda mbali zonse. Amayi atandiona anakhala pansi.

"Wakulodza ndani, mwana iwe?"

"Ndimu, amayi."

"Ndimu zanga za mu tiyi zija? Ine kumanamizira ana a eni!"

Anandikweza pa mota, njinga yamoto ija, mpaka kuchipatala ku Chifunde. Anamwino ake, mayi wochokera kutali wa Chinyanja chokhotakhota, anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Mwanawe, chowawasa cha mu ndimu chilinso mu sumo, chakumwa cha zipatso chija, ndi m'maswiti amene umadya, ndipo mmenemo sichivuta. Koma madzi a ndimu pakhungu, kenako padzuwa, ndi moto. Ndiwe nsomba kodi, kuti tizikuthira ndimu?"

Anandipatsa mankhwala odzola, n'kunena kuti mawangawo atha pakapita miyezi. Ndinapempha amayi kuti za foto tidikire. Koma tinali titafika kale ku Chifunde, kumene amapangira bilyete, ndipo amayi anga sakwera mota kawiri chaka chimodzi.

"Foto ndi lero. Nkhope wadzikonzera wekha."

Wojambula anandiuza kuti ndiyang'ane kutsogolo, iyeyo n'kuyang'ana kumbali.

Mawanga anathadi, koma bilyete ilipo. Tsiku limene ndinakafunsira ntchito yogulitsa m'sitolo, eni ake, bambo achikulire, anayang'ana foto, kuyang'ana ine, kuyang'ananso foto.

"Pepa, mwanangu. Unali moto wa nyumba kapena wa tchire?"

Ndinati wa nyumba, n'kuwonjezera kuti ndinatulutsamo ana atatu ndi nkhuku yofungatira. Ntchito anandilemba.