Tinkati Akunenepa

Chaka chimene amuna anga anayamba kutupa, ine ndinakaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni.

Mundimvetse. Masiku amenewo kwathu ku Ndunde maliro sankatha. Munthu ankayamba kuonda, tsitsi n'kupepuka, posakhalitsa tamva kulira. Mkazi aliyense ankasuzumira masaya a mwamuna wake mwakachetechete. Ndiye anga, m'malo moonda, nkhope inadzaza, nsapato zinayamba kuwathina. Amayi amvano ankandigwira mkono: "Inu Mulungu wakukonderani. Mukuwadyetsa chiyani abambowa?" Ndinapereka nkhuku yachiyamiko.

BP anali nayo kuyambira kale. Timapiritsi takuchipatala ankamwa mutu ukawawa, ukaleka n'kusiya. Tonse tinkadziwa kuti mankhwala amamwa ndi wodwala. Totsala ndinkagawirako alamu anga. Ndikati akayezetsenso, ankaseka.

"Amayi, ndisiye tomato kudimba chifukwa cha kalamba komanga pamkono? Taonani thupili."

Kenako mkodzo unachepa, wathovu ngati wa sopo. Chakudya chinayamba kubwerera. Thupi lonse kuyabwa. Titafika kuchipatala chachikulu, adokotala anadina chala pamwendo pawo, pakadzenje pamenepo sipanabwerere.

"Mayi, awa si mafuta, ndi madzi. Impso zatopa."

Anandifotokozera pang'onopang'ono, Mulungu awadalitse. Anati magazi akathamanga zaka zambiri amawononga timitsempha ta mu impso, monga madzi amvula amagumulira mizere. Impso zikafooka, BP imakweranso, ziwirizi n'kumakankhana. "Nanga munali kuti nthawi yonseyi?"

Ndinali kutchalitchi, ndikuthokoza.

Makina otsuka magazi anati ali ku Lilongwe, ndipo odikira ndi ambiri. Abambo anandiyang'ana. "Tiyeni kwathu, amayi. Ku Lilongweko tikafikira kwa yani?" M'minibasi nsapato anazinyamula m'manja. Anatisiya nandolo asanakhwime.

Ndimathokoza Ambuye, ana athu anayi akula, ndipo atate awo anapita ndikuwagwira dzanja. Koma akanadziwa kuti mapiritsi aja samasiya, ngakhale mutu uli phee, bwenzi akumwa. Sanali munthu wamakani. Mwina achipatala anatiuza pawindo lolandirira mankhwala, ife osamva ndi phokoso la pamzere. Sindidziwa.

Tsopano BP ndili nayo inenso. Ndimameza kapiritsi kanga m'mawa uliwonse ndisanagwade. Masiku ena pemphero limatuluka bwino. Masiku ena ndimangogwada, mawondo n'kuwawa, ndikudzuka osanena kanthu.