Mpando wa a Ulemerero

Mumsewu wa akalipentala, kuseri kwa malo otsukira magalimoto, munali shedi ya bambo wina amene anthu ankangowatchula kuti a Ulemerero. Ankapanga mipando yokhalapo akwati: yotalika kuposa munthu, ya nsalu yofiira yokhomedwa ndi timisomali tonyezimira, pamwamba pake atasemapo chisoti chachifumu.

Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe. Kasitomala akati, "Pakani penti yagolide yambiri kuti uoneke ulemerero," iwo ankapukusa mutu.

"Golide ndi wa maso, mayi. Ulemerero ndi woti munthu akakhalapo msana uwongoke wokha, ngakhale mlamu wake wamwano avule chipewa."

Mawu oti ulemererowa sankawawonongera pa galimoto yodula kapena nyumba yosanja. Pa zaka makumi atatu, mipando imene anavomereza kuti ili ndi ulemerero sinakwane isanu.

Mwana wawo wamkazi, wogwira ntchito mu sitolo ya mankhwala, anakulira mu utuchi wa shediyo. Atanena kuti akukwatiwa, bambowo anakana maoda onse kwa miyezi itatu. Akapita kukawaona ankawapeza akusema mpando wa pa ukwati wakewo, magalasi ali pamphuno, zala zili guluu yekhayekha.

"Uwu wokha, mwanawe, ngakhale ine ndikuuopa."

Mtsikanayo ankamwetulira, koma mumtima munali zina. Anzake akuntchito ankaiseka mipando yotere pa zithunzi za maukwati. "Taonani, ngati awaimika m'bokosi la maliro!" Iye anali atasankha kale sofa yoyera, yaifupi, kwa mayi wokongoletsa holo.

Kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike, analimba mtima.

"Ababa, khomo la holo ija ndi lalifupi. Mpandowu sulowa."

"Wayeza?"

"Ndayeza."

"Ndi tepi kapena ndi maso? Paja maso ako ndi a amako, amaona mphaka ngati ng'ombe." Anaseka, nachotsa pensulo kukhutu. "Tanena, lafika pati?"

Anatchula nambala imene inangomubwerera m'mutu. Bambowo anailemba pathabwa, ndipo iye anapita akuganiza kuti mpandowo utsala mu shedi, nkhani yatha.

M'mawa mwake amayi ake anamuimbira foni. "Iwe, abambo ako mutu ukuyenda bwino? Akucheka mpando uja!"

Mtsikanayo anafika ku shedi ali wefuwefu, yunifolomu ili m'thupi. Chisoti chinali pansi mu utuchi, sowo ili pambali pake. Bambowo anali kusalaza podulapo ndi sandipepala.

"Ndautsitsa kufika pa nambala yako, n'kuchotsanso chala chimodzi kuti onyamula asaukhule. Ulowa tsopano."

"Ababa, bwanji simunapite kukayeza nokha?"

"Ndikayezerenji? Wayeza ndi mwana wanga."

Mtsikanayo anatuluka mu shedimo. Tsiku lomwelo anaimbira mayi wokongoletsa uja kuti sofa isabwere.

Kutatsala tsiku limodzi, amuna anayi anatsitsa mpandowo mu lole pakhomo la holo. Bambowo anali kutsogolo, akuyenda chammbuyo, kuwalondolera ndi manja. Mpando unalowa osawerama n'komwe. Pamwamba pake panatsala danga loti chisoti chikanadutsa, mkono wina n'kutsalanso.

Bambowo anakweza maso, nayang'ana dangalo kwa nthawi. Kenako anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi shati. Mwana wawo anaima pafupi, maluwa a patebulo ali m'manja, akudikira kuti amufunse. Akanakonda amukalipire pamaso pa anthu onsewo.

Sanamuyang'ane.

"Kwezani bwinobwino, abale," anatero kwa onyamulawo, mawu ali pansi. "Musaope. Malo alipo."