Mapale a ku Turo

Chaka chimene korona anatseka ndege zonse, m'nyumba imene ndinkalera mwana ku Dubai munatsekeredwanso mlendo. Anali bambo awo a madamu, abwana anga, nkhalamba ya ku Lebanoni imene inabwera kudzangocheza milungu iwiri. Ine ndinkawatchula kuti agogo, ndipo kuyambira tsiku loyamba sindinawakhulupirire.

Chinandikayikitsa chinali kabokosi kachitsulo. M'mawa uliwonse ankakatsegula pakhonde la m'mwamba, n'kuyala pa thaulo mapale a mbiya ndi zigoba za nkhono zobooka, kwinaku akung'ung'udza m'chinenero chawo. Kwathu mbiya yosweka imene munthu akuilemekeza chonchi timaiona pamanda basi. Munthu wamkulu, wa magalasi ake, kuwoloka nazo nyanja zinthu zimenezi?

Tsiku lina ndikukolopa anandiitana. Anati kwawo ndi ku Turo, mzinda umene ine ndinkaumva kutchalitchi kokha, ndipo ndinkayesa kuti unatha kalekale. Anandiuza kuti poyamba unali chilumba, kuti anthu ake ankayenda ndi zombo kukagulitsa katundu kutali, ndi kuti nkhono zimenezo ankaziboola kuti atulutse utoto wa pepo wonyikira nsalu za mafumu. Mapalewo anawatola ali mwana m'munda wa bambo awo. Ndinangoti eya, eya. Kenako anawonjeza kuti anthu akalewo ankawotcha maliro, phulusa n'kuika m'mitsuko, ndipo pamenepo ndinatsimikiza kuti mapale aja ndi a kumanda.

Patapita masiku, mwana uja anayamba kutsokomola ndi kutentha thupi. Ndinamulera kuyambira ali wakhanda, ndipo mantha anandigwira zenizeni. Masana ndinaimbira mnzanga wa ku Zambia amene ankakhala ku Karama, dera lina la mu Dubai momwemo.

“Iwe sisi, vintu va kumanda m'nyumba muli mwana?” anatero. “Yalla, fulumira, taya. Khalas, nkhani ithe.”

Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekhako ndinalibe. Agogo atagona tulo ta masana, ndinakhuthulira mapale onse ndi zigoba zomwe m'pepala la zinyalala, ndinathiramo jiki, ndipo ndinakaponya m'bowo la zinyalala la panyumbapo. Ndinamva akugunda pansi, nsanjika khumi ndi ziwiri kutsika. Kabokosi ndinakabweza pamalo pake kopanda kanthu.

M'mawa mwake, zitadziwika kuti m'kabokosi mulibe kanthu, madamu anandiimika m'khitchini, maso ali psu. Sanafunse n'komwe. Anapita kuchipinda changa, anatembenuza matiresi, anakhuthula chikwama changa, mpaka zovala zamkati pansi. Ankaganiza kuti ndaba kuti ndikagulitse. Kuba mapale, ine! Zinandiwawa kwambiri, komabe choona ndinkachiopa kuposa bodzalo. Anati ndege zikangotsegulidwa ndinyamuke. Ntchito ija ndi imene inkaphunzitsa ana anga awiri kumudzi.

Agogo anatulukira pakhomo atagwira kabokosi kaja. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndinadziwa kuti fungo la jiki lawauza zonse.

“Msiye mwanayu,” anauza madamu. “Ndinamutuma ndine kuti ataye. Ndinaiwala, ukalamba.”

Madamu sanakhulupirire, koma bambo ako sungawatsutse pamaso pa wantchito. Anangomenyetsa chitseko.

Madzulo ake ndinawapititsira agogo tiyi pakhonde. Ndinagwada ngati kwathu, ndipo ndinaulula zonse, za manda, za mwana, za mnzanga uja. Sanaseke, sanakalipe.

“Sizinali za kumanda,” anatero. “Pamene panali munda wathu panali dzala. Anaziswa ndi munthu, wina anasesa n'kukataya, mwina mayi wantchito ngati iwe. Zaka makumi asanu ndi awiri ndakhala ndikusunga zinyalala zake.”

Anatsegula kabokosi, anayang'anamo, n'kutsekanso.

“Mundawo anamangapo nyumba. Kwathu kumene ndinatsala nako kunali kumeneku.”

Mwana uja anachira patatha masiku atatu. Mnzanga wa ku Karama mpaka lero amati ndinachita bwino, ndipo sindinama, nthawi zina kamtima kena kamandiuza zomwezo. Koma agogo anakhala nafe miyezi ina inayi ndege zisanatsegulidwe, ndipo m'mawa uliwonse ankatulukabe pakhonde, kuyala thaulo lija, n'kukhala pamenepo manja ali pamaondo. Ine ndinkakolopa mowazungulira.