Thumba la kachewere limene linabwerera ku Lobi

Kwa zaka zisanu ndi chimodzi ndinkajambula mapulani a nyumba pa Dedza Boma, koma chidindo chinali cha wina. Ndikatha kujambula, ndinkanyamula mapepala kupita nawo kwa katswiri wolembetsedwa kuti adindepo dzina lake. Khonde langa, denga langa, dzina la eni. Zinkandiwawa kwabasi.

Nditapita ku Lilongwe kukayesedwa kuti nanenso ndilembetsedwe, ndinapeza pakati pa oyesa pali bwana wanga wakale, amene tinasiyana titakangana. Anandigwetsa. Ine mtima wanga ndi wapachala, choncho sabata isanathe ndinalemba dandaulo ku komiti yoona ngati oyesa achita chilungamo.

Kulakwa kwanga kunali kuuza amayi. Atamva kuti wapampando wa komitiyo ndi mayi wobadwira kwathu ku Lobi, mwana wa aphunzitsi akale a kumishoni, sanandifunse kanthu. Anakumba kachewere, kusankha wamkuluwamkulu, n'kutumiza thumba lathunthu kwa wapampandoyo pa minibasi. Kwathu munthu sapita kwa wamkulu chimanjamanja, ndipo kwa amayi nkhani inali yomweyo basi.

Tsiku lomva dandaulo, nditangolowa ndinaona thumba pakona, lomangidwa ndi kansalu ka chitenje chimene ndinkachidziwa bwino. Akati ndi ziphuphu, chidindo ndinali nditachitsanzika mpaka kalekale.

Wapampando anaimirira. Anali mayi wamfupi, wa mawu otsika.

"Tisanayambe, ndiulule kanthu," anatero. "Thumba ilo lachokera kwa amayi a wodandaulayu. Ndife a mudzi umodzi. Kaya mwiniyu anadziwa, mumufunse nokha. Nkhaniyi ine sindiimva nawo."

Anatola chikwama chawo n'kutuluka. Ine kukamwa yasa! Chibadwire ndinali ndisanaone munthu wamkulu akusiya mpando wake popanda womuthamangitsa.

Otsalawo anandipanikiza ndi mafunso, ine n'kunena zoona, manyazi ali tho. Atakhutira, anamva dandaulo langa. Anagamula kuti bwana uja anayenera kuchita zimene wapampando anali atangochita, ndipo ndiyesedwenso ndi anthu osandidziwa.

Loweruka ndinakwera kupita ku Lobi nditakonzeka kuwazazira amayi. Ndisanatsegule pakamwa, galimoto inaima kuseri kwa nkhokwe. Anali wapampando aja, thumba lili kumbuyo. Anagwada pakhonde ngati mtsikana wa dzana, mawondo pa dothi lozizira.

"Kachewere wanga walakwa chiyani?" anafunsa amayi, nkhope ili gwa.

"Sanalakwe, amayi. Koma ndikadya, nyumba iliyonse imene mwana wanuyu adzajambule, anthu azidzati inamangidwa pa kachewere."

"Ndiye simudzadya konse?"

"Ndikadzachoka pampando, mudzandiitane."

Alendo atapita, amayi anamasula thumba, n'kupeza kachewere wayamba kuphuka. Anakamubzala kudimba.

Ndinayesedwanso ndi anthu atatu amene sankadziwa ngakhale kumene Lobi ali. Anandifinya tsiku lonse, ndipo ndinakhoza. Pulani yoyamba kudindapo dzina langa inali ya kachipinda kodikirira amayi oyembekezera, ndipo ndinadinda mwamphamvu mpaka inki inapaka pambali.

Chaka ndi chaka amayi ankapatula mbewu ya kachewere yemwe uja, osalola kuti isakanizike ndi ina. Tinkawaseka kuti akuweta kachewere ngati mbuzi. Pofika chaka chimene wapampando aja anapuma ntchito, amayi anali atasiya kuyenda. Anandituma ine kudimba.

"Usankhe wamkuluwamkulu," anatero. "Ukawauze kuti tsopano adye, dzina uli nalo kale."