Mphalabungu za azakhali ku Chileka

Azakhali anga, alongo awo a bambo, anakwatiwa ku Chileka ndi mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni, ife n'kutsala ku Lirangwe. Ku Chilekako ankadandaula chinthu chimodzi, kusowa kwa mphalabungu. Kwathu kumapiri kunali mitengo yambiri ya mkalati, ndipo mvula yoyamba ikagwa, m'nthaka munkatuluka agulugufe ofiirira. Masana sauluka. Umawapeza atamatirira pakhungwa, osasiyana ndi mtengowo. Amaikira mazira kunsonga za nthambi, kenako masamba onse amadzaza mphalabungu, zomwe zikakhuta zimatsika n'kukwiririka pansi mpaka dzinja lina. Ku Chileka mikalati inatha ndi makala. Kumalire a munda wa azakhali kunatsala umodzi wokha.

Chilimwe china azakhali anabwera kudzaona mwana wanga woyamba. M'mawa mwake anabwereka khasu, nakakumba pansi pa mikalati kuseri kwa mudzi. Anabwerako ndi dengu lodzaza dothi, m'kati mwake muli tizilombo tija titauma zikamba, takuda ngati nyemba zikuluzikulu. Pobwerera ku Chileka, kondakitala wa minibasi atafunsa za katunduyo, anamuyankha kuti ndi mbewu. Amuna awo anaseka, koma anawathandiza kukwirira pansi pa mtengo uja.

Mvula itagwa anandiimbira foni. "Atuluka. Bwera udzaone wekha."

Ndinapita ndi mwana kumsana, ndipo ndinawaonadi agulugufewo ali phee pathunthu. Chaka chimenecho azakhali sanatole ngakhale imodzi, ankati zitsike kaye zichulukane. Ankakhalira kuingitsa nkhuku, ndipo anayambana ndi mnansi wawo amene ana ake ankagwedeza nthambi. Chaka chotsatira anatola zodzaza kambale, nakazinga ndi tomato, n'kupatsako mnansi uja.

Koma mtengo umodzi sunakwanire. Mphalabungu zinkamaliza masamba zisanakhwime, zambiri n'kufera pansi. Azakhali anayesa kuwokera timitengo ta mkalati tochokera kwathu, koma tonse tinauma. Chaka china mvula inachedwa, ndipo sipanatulukenso gulugufe.

Azakhali sanabwerenso kwathu kudzakumba zina. Tsopano miyendo ikuwavuta, kumunda amapita mwa apo ndi apo. Kwathunso mikalati yachepa, timakatola kutali, koma ndikapeza ndimafutsa n'kuwatumizira pa minibasi. Akalandira amaimba foni kunena kuti ndachulutsa mchere.